Kumanzere kwa Tsamba la Fodya

Lachitatu, 14 Febuluwale

Mtsikana wophunzitsa ziwalo, Ruvimbo, wandipatsa kope ndi bolopeni, akuti dzanja lisachite dzimbiri. Chabwino, ndilemba. Ndine Twaha, wosankha fodya pa purazi ina kuseri kwa Banket. Ndinagwa Loweruka m'shedi, tsamba lili m'manja. Ananditengera pa thirakitala mpaka kumsewu, kenako pa kombi kudzafika kuno. Akuti ndi sitiroko. Ine ndikuti ndi dzuwa. Chaka chino mvula yatikana, ndipo pansi pa malata a shedi munthu umapsa ngati uli m'balani.

BP m'mawa 178/104. Mapiritsi atatu: la BP, asipirini, ndi lina la mafuta a m'magazi lomwa madzulo. Mkono wamanzere ukulemera, mwendo ukukoka pang'ono. Zina zonse zili bwino.

Ndiyenera kutuluka sabata ino. Fodya woyamba watuluka kale m'mabalani. Papurazi lamulo ndi lomwe lija, la azungu akale ndi la mwini watsopanoyu: nyumba ya m'komboni ndi ya munthu amene ali pantchito. Ukasiya ntchito, wasiya khomo. Ine ndinabadwira m'nyumba imeneyo. Bambo anachokera ku Machinga ine ndisanabadwe, ndipo ku Malawi sindinapondeko. Anzathu Achishona akadwala amati ndikupita kumusha, kumudzi kwawo. Kumusha kwanga ndi mzere wachitatu, pafupi ndi mpopi.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Chakudya cha muno n'chamwano. Masana anabweretsa sadza yokhayokha, popanda ndiwo. Ndinadya mokwiya, n'kumuuza mayi wogawa zakudya kuti ngakhale kundende amaikako nyemba. Anangondiyang'ana.

Pa bedi la kumanja kwanga pali mkulu wina, Simao, wa kumapurazi a ku Centenary, makolo ake a ku Tete. Anamudula mwendo chifukwa cha shuga, koma pakamwa sanamudule.

"Che Twaha, nyembazo mukusungira ndani? Ngati simuzifuna ndipatseni ine."

"Nyemba ziti?"

Anatambasula ndodo yake, n'kukankha mbale yanga mpaka inazungulira. Nyemba ndi kabichi zili tho, m'mbale momwemo. Ndinamuuza kuti matsenga a ku Tete akachitire kwawo. Anaseka mpaka nesi anabwera kudzatiletsa. Ine sindinaseke. Nyembazo zinali zitazizira kale.

Loweruka, 17 Febuluwale

BP 164/98. Zuhura, mkazi wanga, sanabwere. Dzulo sanabwere, dzana sanabwere. Takalambira limodzi, lero ndagona pa bedi la boma iye ali phee kukomboni. Akazi a anthu ena adzaza wodi ndi mabasiketi. Mtima ukundiwawa ndipo ndakwiya. Akadzabwera sindidzamuyankha.

Lamlungu, 18 Febuluwale

M'mawa ndinadandaulira Simao za Zuhura. Ulendo uno sanaseke.

"Imwe, musachimwe. Amai Rukia akubwera masiku onse. Amakhala uko." Analoza kudutsa pamwamba panga. "Dzulo anakupatsani moni, inu n'kuyankha ine. Anakhala pamenepo mpaka belu, n'kumapita akupukuta m'maso ndi mpango."

Ndinati akunama. Anaitana nesi, ndipo nesiyo anandigwira chibwano n'kunditembenuza mutu ngati mwana wometedwa. Kumanzere kwanga kuli kabati. Pamwamba pake chigubu cha mahewu, mbatata zophika, thaulo langa, kofia yanga. Mbatata za pansi zinali zitayamba kusasa.

Masana Zuhura atabwera, nesi anamuzunguliza kudzamuika kumanja. Anali atavala chitenje chake chobiriwira, maso atatupa. Pakati pa bedi langa ndi la Simao ndi pothina, ndipo mkazi woleredwa m'Chisilamu sakhala atatsamira bedi la mwamuna wina. Ndiye masiku onsewa amasankha mbali ya kukhoma.

"Ndimayesa mwandikwiyira, bambo a Rukia, poti tsiku lija munapita kuntchito osadya."

"Bwanji osandigwedeza?"

"Pa anthu?"

Simao anadzifunditsa bulangete mpaka kumutu, akulankhulira m'kati: "Ine kulibe, amai, khalani momasuka." Zuhura anakhala panthemba pa mpando, n'kuyamba kundisendera mbatata.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

Dzulo anandijambula mutu. Lero dokotala wamkulu anaonetsa ophunzira ake chithunzicho, akuloza banga loyera mbali ya kumanja. Analankhula Chingerezi chambiri. Atapita, Ruvimbo anakhala pansi n'kundimasulira.

"Maziso enyu haana mhosva, sekuru," anatero, kuti maso alibe mlandu. Vuto lili m'mutu. Akuti ubongo uli ndi miyeso iwiri yodziwira pomwe zinthu zili. Woyamba umayeza kuchokera pa thupi: ichi chili kumanja kwanga, icho kumanzere kwanga. Wachiwiri umayeza pa chinthu chenichenicho: mbale ili ndi kumanja kwake ndi kumanzere kwake, kaya aiike pati. Magazi anatsekeka mbali ya kumanja ya mutu wanga, imene imayang'anira za kumanzere, ndiye miyeso yonse iwiri inavulala.

Ndinamutsutsa. Ndinati chikhala choncho bwezi ndikuona mdima kumeneko.

"Kuseri kwa mutu wanu mumaonako mdima?" anandifunsa. "Simuonako kanthu, komanso simudandaula."

Ndinafunsa kuti zimatha liti. Anati ena zimatha, ena zimachepa, ena zimakhala. Wamanga nsalu yofiira pa chitsulo cha bedi cha kumanzere. Ndisanadye, ndisanalembe, ndisanayankhe munthu, ndiyambe ndaifuna nsaluyo. Akutinso m'kope muno ndikulemba mopanikiza kumanja, theka la pepala likungokhala. Ine ndimaona ngati ndikudzaza.

Lachisanu, 23 Febuluwale

BP 150/92. Awonjezera piritsi lachinayi, la mkodzo.

Lero Lachisanu, anzanga ali mumzikiti wathu wa malata kukomboni. Ndinaswali nditakhala pabedi. Pomaliza swala munthu amatembenukira kumanja kupereka salamu, kenako kumanzere. Simao wakhala akundiyang'anitsitsa masiku onsewa.

"Che Twaha, Asilamu a ku purazi kwathu amapereka moni mbali ziwiri. Inu wa kumanzereyo munayambana naye?"

Ndinamufotokozera kuti paphewa la kumanja pali mngelo wolemba zabwino, pa la kumanzere wolemba zoipa.

"Ndiye mwasankha bwino womunyoza! Manje akulemba ndi mabolopeni awiri."

Ndinaseka, koma nditatha kuseka ndinachita mantha. Kuyambira ndili mwana sindinaphonyepo salamu yachiwiri. Tsopano ndaiphonya sabata ziwiri osadziwa, ndipo mtima unali mbee ngati ndamaliza.

Simao naye ali ndi zake. Mwendo umene anaudula ukumuyabwa kuphazi, amakanda bulangete popanda kanthu. Akuti tikanagawana: iye akumva chiwalo chomwe kulibe, ine sindikusamala mbali yomwe ilipo.

Lamlungu, 25 Febuluwale

Mutu. Sindinadye. Zuhura anabwera ndi Rukia, mwana wathu, wochita lendi chipinda chimodzi ku Banket. Rukia anandimalizitsa kumeta ndevu za tsaya lomwe ndinasiya.

Lachiwiri, 27 Febuluwale

Nkhani ziwiri, yabwino ndi yoipa.

Yabwino: muyeso woyamba ukubwerera. Zuhura analowa dala mbali ya kukhoma osalankhula, ndipo ndinamupeza ndekha. Nditayenda ndi ndodo kupita kuchimbudzi sindinagunde chitseko.

Yoipa: Ruvimbo anandipatsa pepala lodzaza timagudumu tojambula. Tina tathunthu, tina toduka kumanja, tina toduka kumanzere. Anati ndichonge toduka tokhatokha. Ndinayenda pepala lonse, ngodya zonse zinayi, ndikunyadira. Toduka kumanja ndinatipeza tonse. Toduka kumanzere sindinachongepo ngakhale kamodzi, ngakhale timene tinali kumanja kwenikweni kwa pepala, pansi pa dzanja langa. Kwa ine tonse tinali tathunthu.

Ndiye kuti chipinda ndikuchipeza, koma chinthu chilichonse m'chipindamo ndikuchipeza theka.

Ntchito yanga ndi tsamba. Umaligwira kuphata, kulitambasula, diso n'kuyenda mbali zonse ziwiri za mtsempha wapakati: mtundu wake, lemoni kapena olenji, mawanga, kupsa, nkhungu. Tsamba limodzi la nkhungu likalowa m'ndindi, belo lonse amalibweza ku okushoni. Sindinamuuze Ruvimbo zimenezi. Ndinangomubwezera pepala lake.

Lachinayi, 29 Febuluwale

Lero Ruvimbo anandiuza kuti nditsinzine, ndiime m'maganizo pa mpopi wa kukomboni, ndiyang'ane kumapeto kwa mzere wathu, nditchule makomo. Ndinatchula a Bakari, a Lemani, mayi Genoveva ogulitsa matemba, mpaka kumapeto. Anati basi? Ndinati basi. Kenako anati ndikaime kumapetoko, ndiyang'ane kumpopi. Pomwepo panatulukira mzikiti, mtengo wa mango, nyumba ya a Rashid, ndi yanga yomwe. Poyamba paja ndinaiwala nyumba yanga! Ndipo a Bakari ndi a Lemani ulendo uno anasowa.

Ndiye matendawa sali m'wodi muno mokha. Alowa mpaka m'zimene ndimakumbukira. Izi zandiwawa kuposa mkono.

Koma wandiphunzitsa nzeru imodzi. Ndikatha kudya ndizizunguliza mbale, theka lobisika libwere kumanja. Zikutheka. Tayesa ndi mbale, ndi tomato, ndi chivindikiro cha chigubu chomwe anachidinda inki mbali imodzi, ndipo ndikazunguliza ndikupeza. Ndaganiza: tsamba nalo ndilizunguliza, nsonga pansi, phata m'mwamba. Ndichedwa pang'ono pa mugwazo, ntchito yopimidwa ya tsiku, koma ndani m'shedi muja angandipose ngakhale nditachedwa?

Loweruka, 2 Malichi

BP 142/88. Zuhura akuti mawa kubwera Christmas, foromani wa kushedi. Murungu, mwini purazi watsopano uja, wamutuma adzaone ngati ndingabwerere. Christmas ndinamuphunzitsa ndine kugwira tsamba, akali kamnyamata kosasiyanitsa fodya ndi mpiru. Bambo ake ndi bambo anga anakwera sitima imodzi pobwera kuno.

Ndazunguliza mbale tsiku lonse mpaka Simao wati ndimuchititsa chizungulire.

Lamlungu, 3 Malichi

Christmas anabwera atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula masamba okulunga m'nyuzi. Atangotsegula, wodi yonse inanunkhira kwathu. Misozi inalengeza, ndinanamizira chimfine.

"Mudhara, musatye, musaope. Ndi zongoti murungu akhutire. Ine ndamuuza kuti shedi popanda inu ndi msika."

Tsamba loyamba: olenji, labwino. Anagwedeza mutu. Lachiwiri: lopsa kunsonga, ndinaliponya pambali. Anamwetulira. Lachitatu ndinalitambasula pa bondo, lofewa ngati nsalu, lemoni weniweni. Ndinakumbukira nzeru ya mbale. Ndinalizunguliza pang'onopang'ono, ndikuliyang'ana, mpaka nsonga inaloza pamimba panga. Ndinayang'ananso. Loyera.

"Lemoni woyamba," ndinatero. "Ili ndi la pamwamba pa belo."

Simao anatsokomola. Zuhura anayang'ana pansi.

Christmas anandigwira chala changa cha kumanja, n'kuchiyendetsa pa tsambalo kudutsa mtsempha. Chala chinamva ufa wonyowa. Nditachinunkhiza, nkhungu. Banga lalikulu ngati chikhatho cha mwana, lotuwa, loti ngakhale woyamba ntchito dzulo akanaliona ali pakhomo la shedi.

Ndinati andipatse lina. Anandipatsa. Ndinaligadabuza, kumsana kukhale kumwamba. Apo ndinapeza kadontho, koma fodya sasankhidwa kumsana, mtundu uli kumaso. Ndinapempha lina. Zuhura anati, "Bambo a Rukia, basi." Ndinamukalipira pa anthu. Sindinayambe ndachitapo zimenezi.

Christmas anakulunga masamba ake mosafulumira.

"Ndikanatha kunama, mudhara. Koma belo likabwezedwa, tonse tiri panze."

"Ndani wakupempha kuti uname?"

"Hapana. Palibe."

Anati alankhula ndi murungu za ulonda kapena kusesa. Tonse tikudziwa kuti paulonda pali mphwake wa murungu, ndipo wosesa ndi dzanja limodzi sanaoneke. Potuluka anandisiyira tsamba la olenji lija pa pilo.

Lolemba, 4 Malichi

Ndinamufunsa Ruvimbo chifukwa chake mbale inalola koma tsamba linakana. Akuti mbale ilibe mutu, ilibe mchira, ndiye ukaizunguliza ubongo umaiyamba mwatsopano. Koma chinthu chokhala ndi phata ndi nsonga, choti ubongo umachidziwa bwino kaimidwe kake, kwa odwala ena mbali yosowayo imazungulira nacho limodzi. Akuti sizichitika kwa onse, ndipo iye anangoziwerenga, anali asanazionepo.

Ndinati ndiye kuti chandipha ndi kulidziwa kwambiri tsamba. Sanavomere, sanakane. Anati tipitirize kuyesa. Ndi mwana wabwino, koma nyumba imene akugona si ya purazi.

Lachinayi, 7 Malichi

BP 138/86. Dokotala wasangalala nayo. Ine ayi.

Uthenga wafika kudzera kwa Zuhura. Pa benchi langa akhalapo Selestina, wosankha fodya mnzanga. Nyumba ikufunika pakutha pa mwezi, akuti ilowe banja la woyendetsa thirakitala watsopano. Murungu wati atibwereka lole ulendo umodzi, ndipo wapereka mafuno abwino.

Zuhura anafunsa ngati tizidzaloledwa kulowa pageti kukalambula kumanda. Kuli bambo, mayi, ndi mwana wathu woyamba. Christmas wati akafunsa.

Loweruka, 9 Malichi

Simao amutengera kufiyeta. Chala cha phazi lotsala chada. Pomukankha anandiuza kuti, "Ndisungireni nyemba, Che Twaha, mbali yomwe simuiona. Kumeneko n'kotetezeka."

Lolemba, 11 Malichi

Sanabwerere. Nesi wachotsa dzina lake pa bedi. Ndodo yake ikadali pakona, palibe wabwera kudzaitenga. Tsopano Zuhura akukhala kumanja popanda womuchititsa manyazi, ndipo tonse sitikukondwa nazo.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ramadani yayamba. Dokotala wandiletsa kusala chifukwa cha mapiritsi. Pa swala Zuhura amandikhudza phewa la kumanzere ndikafika pa salamu yachiwiri. Akachoka sindikudziwa ngati ndikuipereka.

Tsamba la Christmas lauma, likuyoyokera pa pilo.

Lachinayi, 14 Malichi

Anditulutsa mawa. Mapiritsi anayi omwe aja, kubwera kudzaonedwa pakatha mwezi, kuzunguliza mbale, nsalu yofiira. Sindipita kukomboni. Zuhura ndi Rukia agwirizana kuti ndingolunjika ku Banket, poti kukomboni kuli fumbi la kusamuka ndipo anthu azidzandiona ngati maliro. Ndinakana, kenako ndinatopa kukana.

Chipinda cha Rukia n'chaching'ono, muli kale iye ndi ana awiri. Katundu wambiri tisiya kapena kugawa. Zuhura anakhala kumanja kwanga, manja pa maondo.

"Ndiuzeni zoti zikwere lole. Ndisadzatenge zina inu n'kumadzandifunsa zina."

Ndinatsinzina. Ndinaima pakhomo pathu, ndikuyang'ana m'kati. Zonse zinaoneka bwinobwino. Njinga yotsamira khoma. Wailesi pa shelefu. Sutikesi ya bambo imene anabwera nayo kuchokera ku Machinga. Mkeka wanga woswalira, jasi la mvula pa msomali, mpando wanga wa ndalema. Ndinatchula chimodzichimodzi, iye akuvomera. Nditafika pakona ndinatsegula maso.

"Basi," ndinatero. "M'nyumbamo mulibenso kanthu ka phindu."

Zuhura anafunsa motsitsa mawu, osati mokwiya:

"Nanga za ine?"

Ndipamene ndinazindikira. Chilowereni iye m'nyumba imeneyo, khoma la kumanja ndi langa, la kumanzere ndi lake. Palibe anapangana, zinangokhala choncho.

Ndinamugwira dzanja, ndinati adikire. Ndinatsinzinanso, n'kuyenda m'maganizo mpaka kukhoma la kumbuyo, n'kutembenuka kuyang'ana kukhomo. Zonse zinabwera. Makina ake osokera ovundikira ndi nsalu ya maluwa. Kabati ya mbale imene ndinamukhomera ndi matabwa a mabelo. Mtondo. Galasi long'aluka pakona. Dengu la zitenje, ndi pansi pake kamalaya ka mwana wathu woyamba kamene amayesa kuti sindikadziwa. Nditatchula kamalayako anandifinya dzanja mpaka kuwawa.

"Mwaona, zonse mukuzikumbukira," anatero. "Muchira inu."

Sindinamuuze kuti pamene ndimatchula zakezo, njinga, wailesi ndi sutikesi ya bambo zinali zitazimirira, ndipo mbali imeneyo kunalibe ngakhale khoma.

Belu litalira anapita kukakwera kombi. Ine ndatsala ndikuyendayenda m'nyumbamo. Ndaima pakhomo, ndaima kumbuyo, ndaima pakati, ndakwera ngakhale pa bedi. Ndikufuna poima poti ndione za iye ndi za ine nthawi imodzi, kamodzi kokha, asanalowemo eni ake atsopano. Sindinapapeze.

Lole ibwera Loweruka.